Za nambala 4,294,967,297

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tili bwino. Munafunsa zomwe ndikuwerenga masiku ano. Mtima wanga uli pa nambala imodzi, 4,294,967,297, ndipo ndikufuna muidziwe, poti masamu tinkawakonda tonse.

Mukalemba 2 maulendo 32 n'kuchulukitsa onsewo, mupeza 4,294,967,296. Onjezerani 1, mwafika pa nambala yathuyi. Ili m'banja limodzi ndi 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Kuti muchoke pa ina kupita pa yotsatira, chotsani 1, chulukitsani yotsalayo ndi iyo yomwe, kenako bwezerani 1 uja. Zisanu zoyambazi sizigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe, zija tinkati ma prime kusukulu. Pierre de Fermat, loya wa ku Toulouse ku France, ataona zimenezi analemba mu 1640 kuti akukhulupirira kuti banja lonselo ndi lotero.

Panapita zaka zoposa 90. Mu 1732, katswiri wa masamu Leonhard Euler, ali ndi zaka 25 ku St Petersburg ku Russia, anaonetsa kuti yachisanu ndi chimodziyi imagawika ndithu: 641 kuchulukitsa ndi 6,700,417, popanda chotsala.

Chimene chimandigwira mtima ndi nzeru ya kafufuzidwe kake. Wofufuza mwachimbulimbuli akanayenera kuyesa ma prime onse osafika 65,536, omwe alipo 6,542, ndipo nthawi imeneyo zonse zinali za cholembera ndi pepala. Koma Euler pambuyo pake anafotokoza kuti prime aliyense wogawa nambalayi ayenera kusiya 1 akagawidwa ndi 64. Mukatero mndandanda umafupika kwambiri: 193, 257, 449, 577, kenako 641. Wachisanu yemweyo! Kwa ine kukoma kwa masamu kuli pamenepa, kudziwiratu malo oti ukumbe usanagwire khasu.

Fermat sindimamupeputsa ayi. Zitsanzo zisanu zotsatizana zingakope aliyense, ndipo iye mwini anavomera kuti umboni wokwanira analibe. Chodabwitsa n'chakuti kufikira lero, ndi makompyuta onsewa, palibe amene wapeza prime wina m'banjali kupitirira 65,537. Zonse zomwe zafufuzidwa mpaka kumapeto zapezeka kuti zimagawika.

Inu a makompyuta mnzake wa nambalayi mumamudziwa kale. 4,294,967,296 ija ndiyo chiwerengero cha maadiresi onse a intaneti m'dongosolo la IPv4.

Mwana wanu wamkulu uja wafika kale pochulukitsa nambala zazitali? Mumupatse 641 ndi 6,700,417 achulukitse pamanja, foni ili patali, ndipo mudzandiuze zomwe wapeza. Mundiperekere moni kwa onse.

Ndine mnzanu wakale.