Chakudya cha ana athu tikuchisiya kuchigayo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ambirife timaiona ngati yaing'ono, pamene ikufooketsa matupi a ana athu mwakachetechete. Ndikunena za ufa umene timaphikira nsima ndi phala. Ndinaphunzitsa m'sukulu za pulayimale kwa zaka zoposa 30, ndipo nthawi yonseyo ndinkakumana ndi ana a zaka 10 ooneka ngati a zaka 6, amene ankayamba kusinza dzuwa lisanafike n'komwe pamutu, ngakhale kuti kwawo nkhokwe inali yodzaza.

Sabata yathayi ndinaperekeza mpongozi wanga kuchigayo. Tinanyamula ndowa zitatu za chimanga, koma atakonoletsa n'kupeta, mphale imene tinabwerera nayo inangodzaza ndowa ziwiri. Panja pa chigayocho panali anyamata ndi njinga zawo, akudikirira kugula madeya oti akadyetse nkhumba ndi nkhuku. Ndinatapa madeyawo m'manja ndipo ndinaona timitima ta chimanga tambirimbiri, tofewa, tonona ukatifinya ndi chikhadabo. Mumtima wa chimanga ndi m'khungu lake ndi mmene mumakhala mafuta, mavitamini a gulu la B, ayironi, zinki ndi zina zomanga thupi. Titafika kunyumba mphale ija inaviikidwa masiku atatu, matsukwa ake anatayidwa kuseri kwa khitchini pamodzi ndi mavitamini amene anasungunukiramo, kenako inayanikidwa pamphasa n'kubwereranso kuchigayo. Ufa unatuluka woyera mbee, wosangalatsa m'maso, koma chimene chinatsalamo kwenikweni ndi chokhutitsa chokha. Tinalipira kawiri kuchigayo, tinataya masiku, ndipo gawo labwino la chimanga chathu linapita kukhola la munthu wina.

Sindikudzudzula mpongozi wangayo, chifukwa anachita zimene tonsefe tinamuphunzitsa. Kwathu kuno mgaiwa timaunyoza. Timati ndi nsima ya kundende, ya kusukulu zogonera komweko, kapena ya chaka cha njala, ndipo mayi amene waphikira alendo mgaiwa amanenedwa kuti ndi waulesi, sadziwa kusamala pakhomo. Abambo ambiri, ine ndemwe m'zaka zapitazo, tinkakankha mbale nsima ikabwera yoderako. Munthu wamkulu amene amadya ndiwo zosiyanasiyana mwina sangavutike kwambiri ndi mwambo umenewu, koma mwana wa miyezi 8 alibe kothawira. Kamimba kake n'kakang'ono, ndipo tikakadzaza ndi phala la ufa woyera lamadzimadzi, longothira mchere ndi kashuga, mwanayo amasiya kulira, amagona, ife n'kumati wakhuta, pamene thupi ndi ubongo wake sizinalandire zomangira.

Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira, ndiye kuti ndi aafupi kuyerekeza ndi zaka zawo, ndipo 63 mwa 100 alionse ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Chimene chinandipweteka mtima koposa n'chakuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, asanu ndi atatu okha mwa 100 alionse ndi amene ankadya mokwanira, kunena za kusiyanasiyana kwa zakudya ndi kuchuluka kwa maulendo amene adyetsedwa pa tsiku. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo nthawi imeneyi ikadutsa n'kovuta kwambiri kubweza zimene zatayika. Ana amene ndinkalimbana nawo mu Sitandade 3 kuti agwire masamu anali ataberedwa kale asanayambe n'kuyenda komwe.

Ndisanamize owerenga kuti mgaiwa pawokha ndi mankhwala. Chimanga, kaya chikonoledwe kaya chisakonoledwe, chili ndi chilema chake: vitamini wotchedwa niacin amakhala womangika m'kati mwake moti thupi limalephera kumutenga. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo potero amamasula vitaminiyu, koma mbewuyo inafika kuno popanda luso limeneli. M'chaka cha 1990, anthu oposa 18,000 mwa abale athu othawa nkhondo ku Mozambique amene ankakhala kummwera kwa dziko lino anadwala pellagra, nthenda imene imadetsa ndi kusupula khungu m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa, imatsegula m'mimba, ndipo ikakula imasokoneza mutu. Chinayambitsa mliriwo n'chakuti mtedza unasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira, n'kutsala akudalira chimanga. Phunziro lake ndi lakuti nsinjiro zimene agogo athu ankatendera nkhwani ndi kuthira m'phala sizinali zongokometsera pakamwa. Phala la Likuni, limene amayi amalidziwa kusikelo, nalonso chinsinsi chake n'chomwecho: magawo anayi a chimanga chosakonola ndi gawo limodzi la soya wokazinga, kugayira pamodzi. Palibe chimene chingaletse banja la kumudzi kuchita zimenezi pachigayo chomwe chija.

Palinso chenjezo limene siliyenera kubisidwa. Kukonola kumachepetsa poizoni wa chuku amene amakhala kwambiri pakhungu la chimanga chimene sichinaume bwino kapena chinanyowa m'nkhokwe, ndipo poizoni ameneyu amaononga chiwindi. Choncho wofuna mgaiwa ayenera kusankha chimanga chouma, choyera, n'kutaya njere zonse zowola ndi zofumbwa. Mtedza nawo n'chimodzimodzi. Chizolowezi chathu chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wonyala ndi wowola kuti ukhale wa nsinjiro za pakhomo n'choopsa, chifukwa ndiye kuti poizoni tikusungira ana athu omwe. Mgaiwa sukhalitsanso ngati ufa woyera popeza uli ndi mafuta, motero ndi bwino kugayitsa wochepa wokwanira sabata ziwiri kapena zitatu.

Pa nkhani ya kugulitsayi ndimalankhula mosamala, chifukwa ndikudziwa chimene chimakakamiza mlimi. Mwezi wa Meyi ukafika, mavenda amakhala atapachika kale masikelo pamsika uliwonse, pamene ngongole ya feteleza ndi fizi ya ana zikudikira. Soya yense, mtedza wonse, nyemba, ngakhale mazira ndi nkhuku zimapita, ndipo pofika Okutobala banja limene linakolola zakudya zomanga thupi likudya nsima ndi masamba owiritsa ndi soda mpaka kusanduka phala, soda amene amaphanso mavitamini otsalawo. Chimene ndikupempha abambo anzanga, popeza nthawi zambiri ndife timalamula za thumba loti ligulitsidwe, n'chakuti tisanaitane venda tiyambe tapatula ndowa ziwiri za soya ndi ziwiri za mtedza, tinene kuti izi ndi za mwana ndi mayi woyembekezera, ndipo zisakhudzidwe.

Akuluakulufe sitinapulumuke ayi. Kafukufuku wa matenda osapatsirana wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa asanu mwa 100 alionse ali ndi matenda a shuga. Anzanga angapo amene anawapeza ndi shuga analangizidwa kuchipatala kuti asiye ufa woyera ayambe mgaiwa ndi kuchepetsa mitanda, chifukwa nsima ya ufa wosakonola imagayika pang'onopang'ono m'mimba. Zimandimvetsa chisoni kuti timayamba kulemekeza ufa umenewu pokhapokha dokotala atatiuza, thupi litaonongeka kale.

Boma linachita bwino kulamula kuti mchere uzikhala ndi ayodini, shuga ndi mafuta ophikira zizikhala ndi vitamini A, ndiponso kuti ufa wa m'mafakitale uzithiridwa michere yowonjezera. Komatu ufa umene Amalawi ambiri amadya sudutsa kufakitale, umachokera pachigayo cha pamudzi, kumene palibe chothiridwamo. N'chifukwa chake uthenga wa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, womwe alangizi a zaumoyo amaimbitsa amayi kusikelo, uyenera kutsika papepala la pakhoma n'kulowa mumphika. Uyeneranso kumveka kwa abambo, kwa apongozi ndi kwa agogo, chifukwa mayi wachitsikana akhoza kuphunzira zonse kusikelo, koma sangaphike phala loderako ngati apongozi ake akumuseka kuti akudyetsa mdzukulu wawo madeya. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo atithandize pamenepa, ndipo inunso Akonzi mutapatula kadanga m'nyuzipepala yanu kofotokoza kaphikidwe ka zakudya za ana pogwiritsa ntchito zimene zili m'midzi mwathu, monga bonongwe, chisoso, mbatata yofiira m'kati, usipa, malambe ndi mapapaya, mungafike kumene alangizi ochepawo sakwanitsa kufika.

Kunyumba kwanga tagwirizana kuti ulendo wotsatira ndowa imodzi mwa zitatu zija sidzakonoledwa. Idzagayidwa pamodzi ndi soya wokazinga kuti ikhale ya phala la mdzukulu wanga wa miyezi 9, phala lolimba losayoyoka pasupuni, lothira nsinjiro tsiku lina, usipa wosinja tsiku lina, ndi kasupuni ka mafuta. Madeya a ndowa imeneyo anyamata a njinga aja sadzawaona.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Dowa