Kalata kwa Nachisale, za miyendo ya mwana uja

Rosettenville, Johannesburg

Nachisale mnzanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Zombako, ana, alamu anga, ndi mayi kumudzi. Ine ku Joni kuno ndilipo, kuzizira kokha ndi kumene kwatikhaulitsa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa voice note ndikanangozungulira. Video ija unaponya pa gulu lathu la WhatsApp, mtsikana wako akuthamangira mpira pabwalo, ndaionera mobwerezabwereza. Anthu amangoseka kuti eee matewe a bambo ake enieni, ine sindinaseke. Mwana wa zaka 2 kukhala ndi matewe si nkhani, ambiri amawongoka okha pofika zaka 3. Koma uyu wakwana 5, akuyenda mopendamira uku ndi uku, akaphatikiza mapazi mawondo akutalikiranabe, ndipo iwe mwini unandiuza kuti m'kalasi mwake ndi wamfupi kuposa onse. Nanga dzino lija linatupa mpaka mafinya chaka chatha, losabowoka n'komwe? Chimenecho ndi chimene chandikhazika pansi.

Zija akukuuza azakhali ake kuti unamuyendetsa msanga kapena unkamubereka kwambiri, zisiye. Tonsefe tinakulira kumsana pa chitenje, bwanji tilibe matewe tonse?

Unesi wanga uja kuno unasanduka kusambitsa ndi kutembenuza agogo a eni ake ku nyumba yosamalira okalamba, koma mafupa ndiye ndimagwira tsiku ndi tsiku, nde zandichititsa kuwerenga ndi kufunsa. Pali matenda ena otchedwa Blount, fupa la pansi pa bondo limakula mokhota, amenewo X-ray imaonetsa. Pali rickets, kufewa kwa mafupa a mwana chifukwa cha kusowa zakudya, ndipo apa pokha anthu a ku Joni kuno anathandiza dziko lonse. Kale madokotala ankati rickets ndi kusowa vitamini D basi, nde amadabwa kuti mwana wa mu Africa woswera padzuwa tsiku lonse angaidwale bwanji. Dokotala John Pettifor wa ku yunivesite ya Wits, amene wagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Baragwanath ku Soweto, anaonetsa mu 1978 kuti ana ena ochokera kumidzi vitamini D anali naye wokwanira, chimene amasowa ndi kashiamu, chifukwa chakudya chawo chinali cha chimanga chokhachokha, mkaka osauona. Atawapatsa chakudya cha kashiamu mafupa anachira. Ku Jos ku Nigeria anadzapezanso zofanana mu 1999. Ukamva zimenezo umangoona mbale za kwathu, nsima ndi ka ndiwo kongonunkhiza. Koma kwanu usipa ndi matemba sizisowa, mwanayo amatafuna ndi minga yomwe, komanso mchimwene wake akudya mbale yomweyo miyendo ili mbwee yowongoka.

Nde maganizo anga akuthamangira kwina, ku mchere wina wa m'thupi wotchedwa phosphate. Fupa kuti lilimbe pamafunika kashiamu ndi phosphate pamodzi, ndipo pafupifupi 85% ya phosphate wa m'thupi ili m'mafupa ndi m'mano. Pali matenda a kumtundu otchedwa XLH, amagwira mwana mmodzi pa ana pafupifupi 20,000. Gene yake, kachidutswa ka malangizo a thupi kamene timatengera kwa makolo, imatchedwa PHEX, anaipeza mu 1995. Ikakhala yolakwika, mafupa amatulutsa hormone ina yotchedwa FGF23 mopyola muyezo, ndiye impso m'malo mobweza phosphate m'magazi zimangomutaya mu mkodzo. Mwana adye bwino bwanji, kuli ngati kutungira madzi mu ndowa yobowoka. Mafupa amakhala ofewa, akayamba kuyenda miyendo imapindika ndi kulemera kwa thupi, msinkhu umatsalira, mano nawo mkati mwake simukhwima bwino nchifukwa chake amatupa okha opanda chibowo. Vitamini D wamba uja amagulitsa ku pharmacy sathetsa vutoli.

Tsono tamva mmene amayendera pa mtundu. Gene imeneyi ili pa X chromosome, ndipo mkazi amakhala ndi ma X awiri pamene mwamuna ali ndi X mmodzi ndi Y. Bambo amapatsa X wake kwa ana aakazi okha, aamuna amawapatsa Y. Choncho bambo akakhala nawo, ana ake onse aakazi amatengera, aamuna palibe ngakhale mmodzi. Mayi akakhala nawo, mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, mwayi wotengera ndi theka. Iwe taganiza: alamu ndi afupi, matewe ali nawo, mano a m'mbali anazulitsa adakali mnyamata, mwana wamwamuna ali bhobho, wamkazi ndi uyu. Sindikugamula ayi, ogamula ndi magazi. Koma chonde pokamba nawo usakayambe ndi kuti matendawa ndi akwanu, ukudziwa amuna akwathu, angokwiya nkhani n'kuthera pomwepo. Ukangoti tikayezetse nonse awiri, iwonso mawondo ndi msana zija amadandaula mwina ali nazo chifukwa.

Ku chipatala ukapemphe X-ray ya mawondo ndi ya pamkono polumikizira dzanja, ndipo magazi ayeze phosphate, kashiamu, alkaline phosphatase, ndi za impso, PTH (hormone yoyang'anira kashiamu) ndi vitamini D ngati angathe. Mu XLH kashiamu amatuluka wabwinobwino, nde munthu wothamanga amangoti mwanayu alibe vuto pitani. Chinanso, phosphate wa mwana mwachibadwa amakhala wokwera kuposa wa munthu wamkulu, ndiye akayerekeza ndi mulingo wa akuluakulu amaoneka ngati ali bwino chonsecho ndi wotsika. Ufunse mwaulemu kuti mulingo mwaonerawu ndi wa ana? Ku Blantyre si kutali, kuli Queens, kulinso Beit CURE amene ntchito yawo ndi mafupa a ana.

Mankhwala alipo. Akale ndi phosphate wakumwa kangapo patsiku pamodzi ndi vitamini D wamphamvu, calcitriol kapena alfacalcidol. Ndi otopetsa, amatha kutsegula m'mimba, amafunanso kumayezetsa impso pafupipafupi, ndipo phosphate yekha popanda mnzakeyo amayambitsa vuto lina, choncho osagula pawekha. Koma akayamba mwana adakali wamng'ono miyendo imatha kuwongoka, ena opaleshoni osafunikanso. Kuchokera 2018 kulinso jakisoni wotchedwa burosumab amene amatsekereza FGF23 yemweyo, ana amabayidwa masabata awiri aliwonse, koma mtengo wake ngakhale kuno ndi owerengeka amaufikira, nde tisauwerengere.

Za mayi nazonso ndisaiwale. Unati anaterereka pa mjigo n'kuthyoka pamkono, ndiponso masiku ano akuoneka ngati afupika. Munthu kugwa ali chiimire basi fupa n'kuthyoka, chimenecho ndi chizindikiro cha osteoporosis, mafupa opyapyala mkati. Kuntchito kwathu kuli gogo wina wachizungu anali wamphamvu, amadziphikira tiyi, amandikalipira za kayalidwe ka bedi, anagwa ku bafa fupa la m'chiuno n'kuthyoka, pano ndimachita kumunyamula ndipo akandigwira mkono ndimamva mantha ake m'zala. Kuno amayeza ndi makina otchedwa DXA, umagona chagada mphindi zochepa, amaunika chiuno ndi msana, ndipo nambala imene amatulutsa, yotchedwa T-score, ikafika -2.5 kapena kutsikirapo ndiye kuti ndi osteoporosis, mulingo umenewu anaika ndi a WHO mu 1994. Mkazi akasiya kusamba hormone yotchedwa estrogen imatsika, fupa limayamba kutha msanga kuposa mmene likumangidwira.

Kale kunkaphunzitsidwa kuti amenewa ndi matenda a azungu. Mbali ina zinachokera kuno komwe, kafukufuku wa dokotala wina, Solomon, wa 1968 anapeza anthu akuda ochepa kwambiri othyoka m'chiuno mu Johannesburg. Atawerenganso zaka zaposachedwapa chiwerengero chapezeka chokwera kuposa chija, ndipo kuphwanyika kwa mafupa a msana amayi akuda nawonso kukuwapeza. Ine zimandipweteka chifukwa agogo athu angati anapindika msana ife n'kumangoti ndi ukalamba ndi khasu?

Kulimba kwa mafupa mbali yaikulu, kuposa theka, ndi ya kumtundu, ndiye mayi akathyoka chonchi iwenso ndi nkhani yako. Kungoti si gene imodzi ngati ya XLH ija. Mu 2019 ofufuza atayeza anthu oposa 400,000 a mu kafukufuku wa ku Britain wotchedwa UK Biobank anapeza malo 518 mu DNA okhudza kulimba kwa fupa, aliwonse akuwonjezera kapena kuchotsa pang'ono. Koma anthu ake anali azungu, ife mulibemo, nchifukwa chake ndimayamikira kafukufuku ngati Birth to Twenty amene akutsatira ana oposa 3,000 obadwa ku Soweto ndi Johannesburg mu 1990, ena mwa iwo akhala akuyezedwa mafupa akukula.

Chinandidabwitsa ndi ichi. Pakati pa ma Afrikaner pali mabanja ochepa amene ali ndi matenda otchedwa sclerosteosis, iwo vuto lawo ndi losemphana, mafupa sasiya kukhuthala, chigaza chimapanikiza mitsempha mpaka nkhope kufa mbali ina ndi makutu kugontha. Mu 2001 anapeza kuti gene yawo ya SOST sigwira ntchito, ndipo ndi imene imapanga sclerostin, choletsa fupa kukula mopyola. Ofufuza anati nanga tikatsekereza sclerostin pang'ono mwa gogo wa mafupa opyapyala? Ndi mmene anabadwira mankhwala a romosozumab, anavomerezedwa mu 2019, jakisoni wa mwezi ndi mwezi kwa chaka chimodzi, koma amene anadwalapo mtima kapena sitiroko posachedwa samupatsa. Mabanja amene anavutikawo ali konkuno, mankhwala ake akudula ngati achokera kumwamba.

Kwa mayi za pafupi ndi izi, usipa ndi matemba azidya ndi minga, bonongwe, mkaka ukapezeka, aziyendayenda osangokhala pa mkeka, ndipo pa khomo la bafa paja pamatereka mukathirepo miyala. Prednisolone uja anthu amangogula pa grocery miyendo ikawawa amadya mafupa, ngati akumwa ukawauze a chipatala. Iwenso jakisoni wa Depo amatsitsako mafupa ngakhale amabwerera ukasiya, ukapita ku sikelo udzafunse.

Ndalama ya minibus ya ku Blantyre ndi ya magazi nditumiza ndikalandira kumapeto kwa mwezi, usandikanire. Zotsatira zikatuluka ujambule pepala lonse, osati kungondiuza kuti akuti zili bwino, ndikaonetse dokotala amene amabwera kuntchito kwathu Lachitatu. Ndipo wina akamakwera basi yobwera kuno unditumizireko usipa wouma, wa pa shopu za kuno amaugulitsa ngati golide chonsecho ndi wa mchenga.

Upereke moni kwa alamu ndi kwa mayi.

Ndine mnzako,
Nabanda