Ofufuza za maphunziro, bwererani mudzatiuze zimene munapeza

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndilankhule ndi anzathu a m'mayunivesite amene amasula aphunzitsi.

Ndimaphunzitsa giredi 2 pa sukulu ina ya boma kuno ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, ndipo choko ndachigwira zaka 19. Alendo ochita kafukufuku ndawalandira ambiri. Amabwera ndi kalata ya chilolezo, mapepala a mafunso, ena ndi foni yojambulira mawu. Timachotsa ana atatu pa desiki kuti mlendo akhale, iye nkumalemba ine ndikuphunzitsa. Akamaliza amathokoza mwaulemu ndithu, kenaka zii. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera kudzanena kuti amayi, m'kalasi mwanu tinaonamo chakuti.

Chonsecho zimene amafufuzazo ndi zimene zimatisowetsa tulo. Mu 2014 boma litayamba kuphunzitsa ana a giredi 1 mpaka 4 m'zilankhulo zathu, Lusaka anapatsidwa Chinyanja pamodzi ndi chigawo cha Kum'mawa. Koma Chinyanja cha m'buku ndi cha ku Katete ndi Chadiza, si chimene mwana wa ku Chawama amalankhula potunga pa mpopi. Tsiku lina ndinajambula ndowa pa bolodi, ndikufuna mawu akuti madzi kuti tiphunzire "dz". Kalasi lonse linakuwa kuti "manzi!" Ndinajambula moto, iwo "mulilo!" Buku likati ndikudziwa, mwana amati niziba. Analakwa ana? Iyayi, ndiwo mawu amene anayamwira. Ine ndine wa ku Chipata, choncho ndimadziwa polumikiza ziwirizi. Nanga mphunzitsi wochokera ku Mongu kapena ku Kasama, kumene amalankhula zilankhulo zina?

Chaka chatha ndinapatsidwa mtsikana wa pa yunivesite ina kuti achite TP, ndiye kuti kuyeserera kuphunzitsa, m'kalasi mwanga. Wanzeru, wakhama, pulani ya phunziro yolembedwa mwaudongo. Anakonzekera kugawa ana m'magulu a asanuasanu monga anamuphunzitsira. Atatsegula chitseko anapeza ana oposa 80, ena atakhala pa masaka pansi pa bolodi penipeni, moti poponda panalibe. Pa nthawi yopuma ndinamupeza kuseri kwa kalasi akupukuta misozi. Sindinamuseke. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022 ana anadzaza m'makalasi, ndipo ndi chinthu chabwino. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, komabe m'makomboni muno kalasi likadali losefukira. Amene anamuphunzitsa mtsikanayu anabwera kamodzi kokha, nakhala phunziro limodzi, nalemba malikisi, galimoto nkuliza.

Sindikunyoza sukulu zazikulu. Yunivesite ya Zambia, imene inatsegula zitseko mu 1966, yasula aphunzitsi ochuluka, ndipo makoleji a aphunzitsi a Chalimbana, Kwame Nkrumah ya ku Kabwe ndi Mukuba ya ku Kitwe tsopano ndi mayunivesite. Mitu ilipo. Ndipo kafukufuku akafika m'manja mwathu amagwira ntchito: pulogalamu ya Catch Up, yoika ana m'magulu malinga ndi zimene akutha osati giredi yawo, inachokera ku kafukufuku wa ku India, ndipo anzanga a Kum'mawa amene anaiyamba kale amaiyamikira.

Pempho langa nali. Aliyense wolandira digiri chifukwa cha zimene anaona m'kalasi mwathu, asanavale gauni abwerere pa sukulupo ndi masamba awiri okha, olembedwa mosavuta, adzatifotokozere pa msonkhano wathu wa aphunzitsi. Buku lonenepa la kafukufukuyo likhale ku laibulale, ife sitingakwere minibasi ziwiri kukaliwerenga ku Yunivesite ya Zambia ku Great East Road. Nawo ophunzitsa aphunzitsi azibwera kudzagwira choko sabata imodzi pa chaka, makamaka m'nyengo ya mvula pamene ana amafika atanyowa mpaka m'mawondo. Ine kalasi ndiwabwereka, ndikhale kumbuyo ndi kope, ndione mmene "dz" angamuphunzitsire.

Mphunzitsi wa giredi 2,
Chawama, Lusaka