Manijala akufuna nyimbo zanga zikhale zake, ndisaine?

Agogo,

Ndine mnyamata wa zaka 25 wa ku Limbuli m'boma la Mulanje. Masana ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Limbuli ndi Muloza, koma mtima wanga uli pa kuimba. M'nyimbo zanga ndimasakaniza Chichewa ndi Chilomwe, ndipo ng'oma zake n'za tchopa zomwe anandiphunzitsa madoda a m'mudzi mwathu.

Chaka chatha pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, amalume anga anandikumanitsa ndi bambo wina wa ku Blantyre amene amayendetsa oimba, awa timati mamanijala. Kunena zoona, bambowa andithandiza. Analipira situdiyo, nyimbo zanga zinayamba kumveka pa wailesi, ndipo ku Limbe ndakwerapo pa nsanja chifukwa cha iwo. Ndekha sindikanadziwa khomo loti ndigogode.

Nthawi yonseyi timangoyendera pakamwa. Tsopano abweretsa kontirakiti ya m'Chingerezi, masamba ambirimbiri, akuti ndisaine mwezi uno usanathe. Ndinaipititsa kwa aphunzitsi ena a sekondale kuti andimasulire, ndipo chiwerengereni tulo sindikuliona.

Mgwirizanowu ndi wa zaka 5, ndipo iwo azitenga 40 peresenti ya ndalama iliyonse imene ndapeza poimba. Pa mashowo amene apeza iwo sindikudandaula, wagwira ntchito adye. Koma mulinso maukwati ndi zinkhoswe za kwathu kuno, zomwe anthu amandiitana okha pondidziwa kuti ndine mwana wa uje. Ndikaimbe pa ukwati wa msuweni wanga ku Chitakale, kangachepe kamene andipatsa ndikagawirenso munthu amene ali khale ku Blantyre?

Komanso ndalama za mashowo zimafikira pa foni yawo, ine n'kunditumizira gawo langa pa Airtel Money. Mtengo umene agwirizana ndi wokonza showo sindiuona. Tsiku lina woimba gitala anandinong'oneza ndalama imene inaperekedwa, ndipo zimene ndinalandira sizinkagwirizana nayo mpang'ono pomwe. Nditafunsa anangoti zina zapita ku mafuta ndi malo ogona. Mwina n'zoona, koma lisiti silinaoneke.

Chimene chandiswa mtima kwambiri ndi umwini wa nyimbo. Pepalalo likuti zonse, zakale ndi zimene ndidzapeke, zikalembetsedwe ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, m'dzina la kampani yawo, ndipo YouTube ndi Facebook yanga aziyendetsa iwo. Aphunzitsi aja anandiuza kuti umwini wa nyimbo umakhalapo moyo wonse wa wopeka, n'kupitiriranso zaka zambiri iye atamwalira. Ndiye kuti ndalama zimene COSOMA imatolera ku mawailesi, ngakhale zija za levi, kamsonkho ka pa mafoni ndi zipangizo zosungira nyimbo, zizidzapita kwa iwo ngakhale zaka 5 zija zitatha. Nanga ana anga adzadya chiyani? Komanso ng'oma zimenezi si zanga ndekha. Tchopa ndi gule wa makolo amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2014, ndipo madoda aja anandiphunzitsa ulere. Ndikawauza chiyani akamva kuti ndagulitsa?

Ndinayesa kulankhula nawo mwaulemu kuti tichotseko ndime imeneyi. Anaseka, amvekere, "Mphwanga, anyamata ofuna mwayi umenewu ndi ambiri. Ngati sukufuna, ungondibwezera za situdiyo zija." Ndalama zimenezo ndilibe, ndipo sitinalemberanepo kuti inali ngongole.

Amalume nawo akwiya. Akuti ndikuwachititsa manyazi kwa mnzawo, ndipo mwana wosayamika sapita patali. Mukudziwa kwathu kuno mawu a mwinimbumba sabwezedwa wamba. Amayi angoti ndimvere akuluakulu.

Agogo, manijalayu sindikufuna kumutaya, chifukwa ku Mulanje kuno woimba wopanda womulankhulira m'tauni amathera m'mabala. Ndalama ndingagawane naye, koma nyimbo ayi. Kodi n'zotheka kugwira ntchito ndi manijala umwini uli m'manja mwanga? Ndipite kwa ndani kuti andiunikire pepalali ndisanasaine, ku COSOMA, ku bungwe la oimba la Musicians Union of Malawi kapena kwa loya, poti ndalama ya loya ndilibe? Za situdiyo zija angandikakamize kubweza popanda cholembedwa? Nanga amalume ndiwayambe bwanji kuti asaone ngati ndawanyoza?

Ine mdzukulu wanu,
Woimba wosowa mtengo wogwira,
Limbuli, Mulanje