Kalata kwa Nduna yoona za luso la makono: lamulani tsiku losamukira ku IPv6

Olemekezeka a Nduna,

Ndakulemberani poyera za kusamukira ku IPv6, njira yatsopano yoperekera maadiresi a pa intaneti yomwe ili ndi maadiresi ochuluka zedi, chifukwa madandaulo anga ku kampani yomwe imatigulitsa intaneti akhala akuthera pa yankho limodzi, lakuti nkhaniyi ndi ya akuluakulu. Ntchito yanga ndi yolumikiza makompyuta m'masukulu ndi m'zipatala zing'onozing'ono.

Pa sukulu ina yomwe ndimathandiza, ophunzira amalowa pa intaneti ndi adiresi imodzi (nambala yozindikiritsa kompyuta pa intaneti) yomwe akugawana ndi makasitomala ena ambirimbiri a kampaniyo, anthu osawadziwa n'komwe. Kompyuta ya mmodzi mwa anthuwo ikagwidwa ndi vairasi n'kuyamba kumwaza mauthenga achinyengo, masamba a pa intaneti akunja amatsekera adiresiyo, ndipo onse amalangidwira limodzi. Ndaona ndi maso angawa mtsikana wofunsira thandizo la maphunziro akubwezedwa ndi tsamba lomwe linkamuyesa wakuba, nthawi yolandira makalata ikutha tsiku lomwelo, bambo ake atakhala panja kudikira ndi ndalama yobwererera yokha. Ndinalibe choti n'kukonza, pakuti vuto silinali mu waya kapena mu kompyuta.

Gwero lake mukulidziwa bwino kuposa ine. Makampani amagawanitsa anthu adiresi imodzi chifukwa maadiresi a njira yakale ya IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo bungwe la IANA, lomwe limayang'anira maadiresi a dziko lonse lapansi, lidagawa otsiriza mu February 2011. Nthambi yogawa maadiresi mu Africa, AFRINIC ya ku Mauritius, komwe makampani athu amakatenga maadiresi, sipereka oposa 1,024 pa pempho limodzi kuyambira mu January 2020, ndipo milandu idaifooketsa mpaka khoti lidachita kuisankhira woiyendetsa mu 2023. Kugula maadiresi kwa eni ena kumafuna madola, pamene ndalama zakunja zikusowa ngakhale zoitanitsira mafuta ndi mankhwala.

Maiko a mu ITU, bungwe la United Nations loona za kulumikizana, momwe Malawi ndi membala, adagwirizana ku Johannesburg mu 2008 komanso ku Guadalajara mu 2010 kuti alimbikitsa IPv6. Ana obadwa nthawi imeneyo ndi omwe akutsekeredwa lero, a Nduna! Ku India ambiri ogwiritsa ntchito intaneti adasamuka kale. Kuno timangomva zoti marauta (zipangizo zolumikiza manetiweki) ndi akale, amisiri sadaphunzitsidwe, makasitomala sakufunsa. Kasitomala angafunse bwanji chinthu chomwe sadauzidwepo? Kampani yomwe ikutha kuunjika anthu pa adiresi imodzi n'kumalandirabe ndalama zawo siidzasintha yokha.

Ndikupempha ndi ulemu wonse kuti mulengeze tsiku lomwe masamba ndi manetiweki onse a boma adzakhale akuyenda pa IPv6, ndipo boma lileke kugula chipangizo chilichonse chosatha kutero. Mulangizenso MACRA kuti iike zimenezi mu ziphaso za makampani ndi pa kuvomereza zipangizo zolowa m'dziko muno, komanso izisindikiza chaka ndi chaka pomwe kampani iliyonse yafika. Tsikulo lilembedwe mu gazeti ya boma kuti ife okhudzidwa tikhale ndi pofunsira.

Ine wanu,
Mmisiri wa makompyuta, Mzuzu