Masamba ofuna Java akutitsekera khomo ife a kunja

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amene amakonza masamba a pa intaneti a masukulu ndi makampani kumudziko. Ine ndili ndi kashopu ka intaneti ku Yeoville kuno ku Johannesburg, ndipo ambiri odzakhala pa makompyuta anga ndi Amalawi anzanga odzaza mafomu a kwathu.

Loweruka lapitali kunabwera mayi wina wogwira ntchito zapakhomo ku Sandton, atapempha theka la tsiku kwa abwana ake. Amafuna kulipirira mwana wawo mayeso pa tsamba la koleji ina kwathuko. Fomu anadzaza bwinobwino, koma pamene pamayenera kukhala batani lopitira kolipira panali kabokosi kotuwa kopanda kanthu, kongotiuza kuti tiike pulogalamu yotchedwa Java. Mayiwo anakhala chete, chikwama chili pamiyendo, akuyang'ana wotchi ya pakhoma chifukwa cha takisi yobwerera.

Vuto lake nali. Batanilo lili mkati mwa applet, kapulogalamu ka Java koikidwa mkati mwa tsamba. Ukadina, applet payokha sitsegula tsamba lotsatira. Imachita kupempha browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ngati Chrome), kudzera m'lamulo lotchedwa showDocument, kuti itsegule adiresi imene yapatsidwa, pa windo lomwelo kapena latsopano. Zili ngati kutuma mwana kwa mfumu: mwanayo akaletsedwa pachipata, uthenga sufika. Ngakhale kale zinthuzi zikuyenda, choletsa mawindo ongotumphuka chinkatha kumeza tsambalo munthu osadziwa kuti lapita kuti.

Java inabwera m'chaka cha 1995 kuchokera ku Sun Microsystems, ndipo nthawi imeneyo ma applet anali apamwamba ndithu. Koma Chrome inasiya kuwayendetsa mu 2015, Firefox mu 2017, ndipo eni ake atsopano a Java, a kampani ya Oracle, anachotsa pulagini yake (kachidutswa kowonjezera koyendetsera ma applet mu browser) mu Java 11 m'chaka cha 2018. Browser ya Internet Explorer, imene tinkathawirako, inapumitsidwa mu June 2022. Pa foni za Android ndi iPhone, browser zake sizinayendetsepo ma applet chiyambire, chonsecho anthu athu ambiri intaneti yawo ndi ya pafoni basi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti munthu akasowa pogwira amayamba kusaka Java yakale m'masamba osadziwika. Ndakonzapo makompyuta angapo amene analowa mavairasi m'njira imeneyi. Munthu wodzalipira fizi asamaike ndalama zake pachiswe chifukwa cha batani limodzi.

Ndipo wina asanene kuti ndi umphawi wa kwathu. Kuno komwe, pulagini ina yotchedwa Flash itatha kumapeto kwa 2020, bungwe lotolera misonkho la SARS linachita kutulutsa browser yakeyake mu January 2021, poti mafomu ena a eFiling, tsamba lake la misonkho, anali akudalirabe Flash. Aliyense amene wamanga pa pulagini tsiku lake limafika.

Kupita ku tsamba lina sikufuna Java. Linki wamba ya HTML, chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti, imagwira ntchitoyo pa chipangizo chilichonse, ndipo simadya data yambiri. Inu akuluakulu a masukulu ndi makampani, musanalipire wokukonzerani tsamba, tengani foni yotchipa ya Android, mudzaze fomuyo nokha mpaka pa risiti. Ikakanika panjira, m'bwezereni akonze.

Wogulitsa intaneti,
Yeoville, Johannesburg