Kwa mwana wanga woyendetsa thiraki pa msewu wa N3

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, kungoti bondo la mayi ako lija likuwavutabe. Chithunzi unatumiza pa WhatsApp chija tachiona. Waima ku Durban, wavala malaya a manja aafupi, ndipo walemba kuti kuzizira kwatha, bulangete walisiya kunyumba ku Johannesburg. Nkhani ya bulangeteyo ndiyo yandikhazika pansi kuti ndikulembere.

Seputembala wa kumeneko usamuyese wa kuno. Kwathu kuno mitengo ya mombo ikaphuka masamba ofiira timadziwa kuti chisanu tatsazikana nacho. Kumapiri a Drakensberg sizitero. Pa 20 ndi 21 Seputembala 2024, anthu atapinda kale majekete, sinowo inagwa yambiri mpaka msewu womwe umayendamowo unatsekeka cha ku Van Reenen's Pass, pakati pa Ladysmith ndi Harrismith. Mathiraki, mabasi ndi galimoto zing'onozing'ono zinagona pamsewu usiku wonse. Mayi wina amene anali m'minibasi anamwalira ndi kuzizira kokhakokha, popanda ngozi ya galimoto. Anthu amenewo ananyamuka ngati momwe iwe umanyamukira, akuganiza kuti madzulo adya nsima kwawo.

Phiri ndimalidziwa ine. Zaka zimene ndinkanyamula katundu wa alendo kuchoka pa Likhubula kukwera ku Chambe, ndinaona Mulanje akusintha nkhope munthu usanamalize kudya nthochi. Tsiku lina tinanyamuka dzuwa likuswa mtengo, thukuta kamukamu. Pofika pamwamba chiperoni chinatikuta, mnzanga ali mapazi asanu patsogolo panga koma osamuona, ndikungomva mpeni wake ukugunda pa chidebe. Malaya anga onyowa ndi thukuta aja anasanduka ngati madzi a mumtsuko, zala zinakanika kumasula chingwe cha katundu. Anatipulumutsa ndi mkulu wina wocheka mikungudza amene anati tikhale pansi pa thanthwe, tisasunthe mpaka kuyere. Ine ndinkafuna tipitirire. Ndikanapitirira, bwenzi kalata ino kulibe woilemba.

Chifukwa chake si matsenga ayi. Ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Durban ili m'mphepete mwa nyanja, koma pamwamba pa Van Reenen wakwera kale kupitirira mamita 1,600. Mphepo yozizira yochokera kumwera ikakumana ndi chinyontho cha m'nyanja ya Indian n'kugunda mapiriwo, imene ili mvula kumunsi imagwa ngati sinowo kumtunda. Ndiye dzuwa la padoko lisakunamize za zomwe ukapeze masana.

Bulangete libwerere m'thiraki, pamodzi ndi jekete yokhuthala, chipewa cha ubweya, masokosi ouma, madzi akumwa, mtedza ndi buledi. Usakwere phiri dizilo ali wochepa kapena foni ili pafupi kuzima. Ukatsekeredwa, khala m'galimoto momwemo. Injini uziiyatsa pang'onopang'ono kuti utenthedwe, koma uyambe waona kuti paipi ya utsi sinatsekeke, ndipo zenera ulitsegule pang'ono, chifukwa utsi umenewo umapha munthu ali m'tulo. Mowa usaukhudze, umanamiza thupi kuti lafunda pamene kutentha kukuthawa. Ukaona mnzako wasiya kunjenjemera, akulankhula mokoka lilime ndipo akufuna kugona, ameneyo zafika poipa. Umuvule zonyowa, umufunditse, uitane thandizo.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi mtima wako. Ndimakudziwa, suyankha abwana, ndipo poti uli m'dziko la eni umaopa kuti ukachedwetsa katundu ntchito ithera pomwepo. A zanyengo a South African Weather Service akachenjeza za sinowo, ima pa Harrismith kapena pa Mooi River, uwaimbire abwanawo uwauze kuti sukwera. Akakalipa, akalipe. Ndalama ya malata imene umatumiza ikhoza kudikira mwezi wina, nyumba siithawa. Ana ako awiri aja ndi mpongozi wanga alibe wina woyang'anako.

Mayi ako akuluka chipewa, akuti achipatsira aliyense wodalirika wokwera basi ya ku Joni mwezi uno. Ukafika kunyumba, ujambule bulangetelo lili kuseri kwa mpando wa thiraki, unditumizire ndilione ndi maso anga.

Ndine bambo ako,
kuno ku Mulanje